Onse Anati "Ndachimwa", Koma Si Onse Amene Analapa

Ulaliki woyamba wa Yesu umene Marko analemba unali wakuti nthawi yakwana, Ufumu wa Mulungu wayandikira, choncho anthu alape ndi kukhulupirira Uthenga Wabwino (Marko 1:15). Yohane Mbatizi anali atalalikira kale za kulapa m'chipululu cha Yudeya, ndipo pa tsiku la Pentekoste, pamene khamu linalaswa mtima n'kufunsa chochita, Petro anayamba yankho lake ndi kulapa, ndipo anthu pafupifupi 3,000 anabatizidwa tsiku lomwelo. Palibe Mkhristu wa mpingo uliwonse amene angatsutse kuti kulapa kuli pachiyambi penipeni pa chikhulupiriro. Chovuta n'chakuti pali zinthu zina zimene zimafanana nako kwambiri, monga manyazi a munthu amene wagwidwa, kuopa chilango ndi kudzimvera chisoni, ndipo zonsezi zimatha kutulutsa misozi yofanana ndi mawu ofanana, mpaka wolirayo osadziwa chimene chikumuliza.

Baibulo silibisa vuto limeneli, pakuti muli anthu angapo amene ananena mawu amodzimodzi akuti "ndachimwa", koma mapeto awo anasiyana kutalitali. Farao anawanena kawiri pamaso pa Mose. Koyamba kunali pamene matalala anawononga mbewu ndi ziweto za Aigupto, ndipo nkhaniyo imanena mosapita m'mbali kuti iye ataona kuti mvula, matalala ndi mabingu zaleka, anaumitsanso mtima wake (Eksodo 9:27-34). Kachiwiri kunali pa nthawi ya dzombe, ndipo pempho lake linaulula zimene zinali mkati mwake, chifukwa anangopempha kuti Mulungu amuchotsere mliri wakuphawo basi. Chimene Farao ankadana nacho chinali dzombe, pamene kuzunza akapolo kunalibe vuto kwa iye. Kulapa kotereku kumatha pamodzi ndi mavuto amene anakuyambitsa, ndipo sikufuna kufotokoza kwambiri, popeza aliyense amene analonjezapo Mulungu zinthu zazikulu ali chigonere ndi matenda, kenako n'kuziiwala atachira, amakudziwa bwino.

Nkhani ya Mfumu Sauli mu 1 Samueli 15 ndiyo yofunika kuiwerenga mofatsa, chifukwa imaonetsa mmene munthu wopembedza amathawira kulapa uku akuoneka ngati akulapa. Sauli analamulidwa kuti asasunge chilichonse cha Aamaleki, koma iye anasunga mfumu yawo Agagi pamodzi ndi nkhosa ndi ng'ombe zonenepa. Samueli atafika, Sauli anamulonjera ndi uthenga woti wakwaniritsa lamulo la Yehova, ndipo mneneriyo anangomufunsa kuti nanga kulira kwa nkhosa kumene akumvako kukuchokera kuti. Apa Sauli anasintha nkhani, nati ndi anthu amene anasunga ziwetozo, ndiponso anazisunga ndi cholinga chabwino choti akapereke nsembe. Atapanikizidwa anavomera kuti wachimwa, koma pomwepo anawonjezera chifukwa chake, kuti ankaopa anthu. Pomaliza, atamva kuti ufumu wamuchokera, ananenanso kuti wachimwa, koma asanapume n'komwe anapempha Samueli kuti amuchitire ulemu pamaso pa akuluakulu a anthu ake. Kuyambira pa kukana, kuloza ena chala, kupereka zifukwa, mpaka pa pempho lomalizali, panali chinthu chimodzi chimene Sauli ankachiteteza, ndicho mbiri yake.

Tchimo la Davide, tikaliyeza mwaumunthu, linali loipa kuposa la Sauli. Anatenga Bateseba, mkazi wa Uriya Mhiti, pamene mwamunayo anali kunkhondo kumenyera ufumu wa Davide yemweyo. Mimba itadziwika, anayesa kuibisa poitanitsa Uriya kuti akagone kunyumba kwake, mpaka kumuledzeretsa, ndipo zitakanika analemba kalata yolamula Yoabu, mkulu wa asilikali ake, kuti amuike pamene nkhondo yakula n'kumusiya yekha, kalatayo n'kumupatsa Uriya yemweyo kuti ainyamule. Davide sanalape msanga. Pamene mneneri Natani ankabwera, mwana anali atabadwa kale, kutanthauza kuti mfumuyo inatha miyezi yambiri ikulamulira dziko ngati palibe chimene chachitika. Natani anamufotokozera za munthu wolemera amene analanda kamwana kankhosa ka munthu wosauka, kamodzi kokhako, kuti aphikire mlendo, ndipo Davide anapsa mtima, nagamula kuti munthu woteroyo ayenera kufa ndi kubweza kanayi. Natani anamuuza kuti munthuyo ndi iyeyo. Yankho la mfumu linali lalifupi kwambiri: "Ndachimwira Yehova." Sanatchule kukongola kwa mkaziyo, sananene kuti lupanga silisankha (ngakhale kuti uthenga wotere ndi umene anatumiza kwa Yoabu atamva za imfa ya Uriya), ndipo sanapemphe kuti nkhaniyo isamveke, chikhalirecho anali ndi mphamvu zonse zotsekera mneneriyo pakamwa.

Ine ndimaona kuti kusiyana kwa mafumu awiriwa ndiko kumatanthauzira nkhani yonse, kuti kulapa kwenikweni kumayamba pamene munthu waleka kudziteteza. Salimo 51, limene mutu wake umati linalembedwa Natani atabwera kwa Davide, limatilowetsa mumtima wa munthu wotere. Wolembayo akuti amadziwa zolakwa zake ndipo tchimo lake lili pamaso pake nthawi zonse, kenako akunena mawu amene amadabwitsa owerenga ambiri, akuti wachimwira Mulungu yekha. Nanga Uriya amene anali m'manda? Nanga Bateseba? Mawuwa sakupeputsa zimene anthu awiriwa anachitiridwa. Akunena kuti pansi pa kulakwira munthu pali kunyoza Mulungu amene analenga munthuyo ndi kuletsa kuti achitiridwe zoterozo, ndipo mfumu imene palibe bwalo la milandu m'dziko lake likanaizenga ikuvomereza kuti pali Woweruza amene chigamulo chake n'cholungama. Zimene akupempha nazonso n'zosiyana ndi za Farao, chifukwa akupempha mtima woyera, mzimu wokhazikika, ndi kuti asachotsedwe pamaso pa Mulungu. M'chilamulo cha Mose, chigololo ndi kupha munthu mwadala inali milandu ya imfa, ndipo Numeri 35:31 amaletsa kulandira dipo loombolera moyo wa wakupha. Choncho pamene wolembayo akunena kuti Mulungu sakondwera ndi nsembe yopsereza, koma nsembe imene Iye sainyoza ndi mtima wosweka ndi wolapa, akuyankhula monga munthu amene wazindikira kuti alibe chilichonse cholipira, ndipo watsala ndi chifundo chokha choti achidalire.

Natani anauza Davide kuti Yehova wachotsa tchimo lake ndipo sadzafa, komabe mwana uja anamwalira, ndipo lupanga silinachoke m'nyumba yake, monga tikuonera pa nkhani za ana ake Amnoni ndi Abisalomu. Akuluakulu amati madzi akatayika saoleka, ndipo chikhululukiro cha Mulungu sichinadzutse Uriya. Ichi n'chiyeso chabwino cha mtima wa munthu wolapa: amene amakwiya kuti wapepesa koma zotsatira za tchimo lake zikumutsatirabe, amasonyeza kuti kupepesako inali njira yothawira zotsatirazo.

Mtumwi Paulo anafotokoza kusiyana kumeneku polembera Akhristu a ku Korinto. Anali atawatumizira kalata yowadzudzula mwamphamvu, ndipo iye mwini akuvomereza kuti kwa kanthawi ananong'oneza bondo poona kuti wawapweteka, koma Tito atabwera ndi uthenga wa mmene anailandirira, anakondwera. Mu 2 Akorinto 7:10 akuti chisoni chimene Mulungu amafuna chimabala kulapa kotsogolera ku chipulumutso, pamene chisoni cha dziko lapansi chimabala imfa. Zonse ziwiri n'chisoni, ndipo zonse zimapweteka, mwina mofanana. Chimene Paulo anayang'ana mwa Akorinto ndi zimene chisonicho chinatulutsa, monga changu, kufunitsitsa kukonza mlandu, kuipidwa ndi choipacho, ndi kukonzeka kuti cholakwacho chiweruzidwe.

Munthu amene amavutitsa maganizo kwambiri pa nkhaniyi ndi Yudasi Isikariote, chifukwa iye anachita zambiri mwa zimene timayembekezera kwa munthu wolapa. Mateyu 27 akuti ataona kuti Yesu waweruzidwa, anamva chisoni, anapita kwa akulu a ansembe, anatchula tchimo lake mosabisa kuti wapereka munthu wosalakwa, ndipo anabweza ndalama zasiliva 30 zija, mpaka kuziponya m'Kachisi. Sanaloze munthu wina chala ngati Sauli, ndipo sanasunge phindu la tchimo lake. Ansembewo anamuyankha kuti izo si zawo, azione yekha, ndipo iye anapita kukadzipachika. Maola ochepa izi zisanachitike, Petro anali atakana Mbuye wake katatu, mpaka kulumbira ndi kudzitemberera, ndipo tambala atalira, Yesu atatembenuka n'kumuyang'ana, anatuluka kunja nalira kwambiri. Sindikhulupirira kuti misozi ya Petro inali yowawa kuposa chisoni cha Yudasi. Kusiyana kwawo kuli pa kumene aliyense anapita ndi mlandu wake. Yudasi anadziweruza nadzilanga yekha, ngati kuti mlandu wake unali waukulu kuposa chifundo cha Yesu amene iye anamuperekayo. Petro anakhalabe pakati pa ophunzira anzake, anathamangira kumanda atamva kuti mulibe mtembo, ndipo pa nyanja ya Tiberiya, atauzidwa kuti amene waima pamtunda ndi Ambuye, analumphira m'madzi kuti akafike msanga kwa munthu amene anamukana uja. Pamenepo, pafupi ndi moto wamakala, anafunsidwa katatu ngati amamukonda, napatsidwanso ntchito yoweta nkhosa.

Kutaya mtima kumaoneka ngati kudzichepetsa kwakukulu, koma kumamusiya munthu akudziyang'anabe yekha, ndipo mwina n'chifukwa chake Yesu anaika kulapa ndi kukhulupirira m'chiganizo chimodzi. Munthu sangasiye kudziteteza ngati sakhulupirira kuti amene akudzipereka m'manja mwakeyo ndi wachifundo. Ndipo ndinene pano kuti munthu amene chikumbumtima chikumuuza kuti moyo wake ulibenso ntchito ayenera kuuza wina msanga, kaya mbusa, mnzake wodalirika kapena dokotala, chifukwa maganizo amenewo sagwirizana ndi Mulungu amene ananena kudzera mwa Ezekieli kuti sakondwera ndi imfa ya munthu woipa, koma kuti abwerere kuleka njira yake ndi kukhala ndi moyo (Ezekieli 33:11).

Misozi si muyeso wodalirika. Anthu ena misozi imawabwera msanga ngakhale pa nkhani yaing'ono, pamene ena mtima umawawawa kwambiri nkhope ili gwa, ndipo kungakhale kupanda chilungamo kuyeza onse ndi mlingo umodzi. Mneneri Yoweli anauza anthu amene anazolowera kung'amba zovala posonyeza chisoni kuti ang'ambe mitima yawo, osati zovala zawo (Yoweli 2:13). Yesu naye anasimba za ana awiri amene bambo wawo anawatuma kumunda wamphesa: wina anakana, kenako anasintha maganizo n'kupita, pamene winayo anavomera mwaulemu koma osapita. Amene anachita chifuniro cha bambo wake ndi woyambayo, ndipo fanizolo silinena n'komwe ngati analira.

Chimene Malemba amafunsa ndi zipatso. Pamene Yohane Mbatizi anauza anthu kuti abale zipatso zoyenera kulapa, iwo anamufunsa kuti achite chiyani, ndipo mayankho ake mu Luka 3 ndi a zinthu zogwirika. Wa malaya awiri agawireko wopanda malaya, okhometsa msonkho asalandire zoposa zimene zinalamulidwa, asilikali asalande ndalama za anthu mowaopseza kapena kuwanamizira, ndipo akhutitsidwe ndi malipiro awo. Sanawauze kuti asiye ntchito zawo, koma anakhudza malo enieni amene ntchito iliyonse imachimwitsira mwiniwake. Chilamulo cha Mose chinali chitayala kale maziko amenewa. Levitiko 6:1-7 amati munthu amene wanyenga mnzake pa chinthu chimene anamusungitsa, kapena walanda, kapena watola chotayika n'kukana, ayenera kubweza chinthucho chonse, kuwonjezerapo gawo limodzi mwa magawo 5 a mtengo wake, ndi kupereka kwa mwiniwake, ndiyeno abwere ndi nkhosa yamphongo ya nsembe. Nsembe sinkalowa m'malo mwa kubweza. Yesu anatsindika dongosolo lomweli pamene anati amene wafika ndi mphatso yake paguwa, n'kukumbukira kuti m'bale wake ali naye chifukwa, asiye mphatsoyo pomwepo, ayambe wakayanjana ndi m'bale wakeyo (Mateyu 5:23-24). Zakeyu, mkulu wa okhometsa msonkho ku Yeriko, sanadikire kuti auzidwe, koma analonjeza kupereka theka la chuma chake kwa osauka ndi kubweza kanayi kwa aliyense amene anamulanda kanthu monyenga, ndipo mpamene Yesu ananena kuti chipulumutso chafika m'nyumba imeneyo.

Kubweza ndalama, ngakhale kumapweteka, n'kosavuta kukuwerengera. Pali zinthu zina zobedwa zimene kuzibweza kumafuna kulimba mtima kwina. Taganizirani munthu amene pa msonkhano wa kuntchito, pofuna kubisa ulesi wake, wanena kuti mnzake ndi amene anachedwetsa ntchito, ndipo mabwana akhulupirira. Usiku tulo tamusowa, wapemphera, wapempha Mulungu kuti amukhululukire. M'mawa wakumana ndi mnzakeyo pakhonde, poti palibe wina akumva, n'kumuuza chapansipansi kuti, "Pepani ngati mwina ndinakukhumudwitsani dzulo." Chiganizo chimenechi chikuoneka chofatsa, koma "ngati" ndi "mwina" akusiya mpata woti palibe cholakwa chimene chinachitika, ndipo "kukhumudwitsa" kwasandutsa bodza kukhala vuto la mtima wa wonamiziridwayo. Choipa kwambiri n'chakuti bodzalo likadali m'makutu mwa mabwana aja, ndipo mnzakeyo apitiriza kuvutika nalo. Kulapa kwa munthu ameneyu kumufikitse pobwerera kwa anthu omwe anamva bodzalo n'kunena kuti, "Ndinanama, wochedwetsa ntchito ndinali ine," akudziwa kuti mawu amenewa amutsitsa pamaso pawo. Lamulo lothandiza n'lakuti kuulula kufike pamene tchimo linafika. La mumtima, monga nsanje imene sinatuluke pakamwa, liululidwe kwa Mulungu, popeza kukauza munthu amene sankadziwa kanthu kuti mwakhala mukumuda nthawi zambiri kumangomusenzetsa katundu kuti inu mupepukidwe. Lolakwira munthu liululidwe kwa munthuyo, ndipo lochitika poyera likonzedwe poyera.

Apa mpamene pamabuka nkhani imene mipingo yambiri imaisamalira molakwika, ya munthu amene walakwiridwa. Yesu anati m'bale wako akakuchimwira ka 7 pa tsiku limodzi, n'kubwera ka 7 kudzanena kuti walapa, umukhululukire (Luka 17:4), ndipo mawu amenewa sitingawafewetse. Komabe kukhululukira ndi kukhulupiriranso ndi zinthu ziwiri zosiyana. Msungichuma amene anadya ndalama za mpingo akhoza kukhululukidwa lero, koma si nzeru kumubwezera makiyi mawa, ndipo ngati walapadi, iye mwini ndi amene angayambe kukana makiyiwo. Mwamuna amene amamenya mkazi wake, n'kulira, n'kulonjeza, kenako n'kumenyanso, sayenera kugwiritsa ntchito misozi yake pokakamiza mkaziyo kuti abwerere pamalo oopsa, ndipo atsogoleri amene amathandizira kukakamiza kumeneko achita mbali ya wolakwa. Munthu wolapa salamula kuti amukhululukire liti, saikira wolakwiridwa malire a masiku olirira, ndipo ngati tchimo lake ndi mlandu pamaso pa malamulo a dziko, sathawira kumbuyo kwa guwa. Wachifwamba amene anapachikidwa pamodzi ndi Yesu anadzudzula mnzake ponena kuti iwo akulandira zoyenera zimene anachita, ndipo atavomereza zimenezo mpamene anapempha kuti akumbukiridwe.

Wina akhoza kumva zonsezi n'kuganiza kuti kulapa ndi malipiro, kuti munthu amasonkhanitsa chisoni chokwanira ndi ntchito zokwanira kenako Mulungu n'kumugulitsa chikhululukiro. Fanizo la mwana wolowerera mu Luka 15 limagwetsa maganizo amenewa. Chimene chinayamba kumubweza mnyamatayo sichinali chikondi chozama cha pa bambo wake, koma njala, ndi kukumbukira kuti antchito a kunyumba amadya n'kukhuta. Anakonza mawu oti akanene, ndipo omalizira ake anali opempha kuti alembedwe ntchito, mwina poganiza kuti potero adzabweza pang'onopang'ono zimene anamwaza. Bambo wake anamuona akali kutali, anamuthamangira n'kumukumbatira asananene kanthu, ndipo mwanayo atayamba kuyankhula, sanafike pa pempho la ntchito lija, chifukwa bamboyo anali atayamba kale kuitanitsa mkanjo, mphete ndi nsapato. Paulo akuti ndi kukoma mtima kwa Mulungu kumene kumatsogolera munthu ku kulapa (Aroma 2:4), ndipo okhulupirira a ku Yerusalemu, atamva za kutembenuka kwa Korneliyo, msilikali amene sanali Myuda, analemekeza Mulungu kuti wapatsa anthu a mitundu ina kulapa kotsogolera ku moyo (Machitidwe 11:18). Choncho kulapa ndi lamulo limene munthu ayenera kulimvera, komanso ndi mphatso imene ayenera kuipempha, ndipo maziko a chikhululukiro ndi imfa ndi kuuka kwa Khristu, osati kuzama kwa chisoni cha wochimwayo.

Mipingo imasiyana pa kachitidwe ka zimenezi, ndipo ndi bwino kudziwa pamene pali kusiyanako. Mu Mpingo wa Katolika kulapa ndi sakramenti. Msonkhano Waukulu wachinayi wa ku Lateran mu 1215 unalamula kuti wokhulupirira aliyense wa msinkhu wozindikira aziulula machimo ake kwa wansembe kosachepera kamodzi pa chaka, ndipo Msonkhano wa ku Trent mu 1551 unafotokoza kuti wolapa ali ndi mbali zitatu zoti achite, ndizo chisoni cha mumtima, kuulula, ndi kuchita ntchito yokonza zimene tchimo linawononga. Msonkhanowo unasiyanitsanso chisoni changwiro, chochokera m'chikondi cha pa Mulungu, ndi chisoni choperewera, chochokera pa kuona kuipa kwa tchimo kapena kuopa chilango, ndipo unati ngakhale choperewerachi ndi mphatso ya Mulungu imene imamukonzekeretsa munthu kulandira chisomo m'sakramenti. Martin Luther, m'mfundo yoyamba mwa mfundo 95 zimene analemba mu 1517, anati pamene Yesu ananena kuti "lapani", anafuna kuti moyo wonse wa okhulupirira ukhale wa kulapa. Katekisimu wa Heidelberg wa mu 1563 amati kutembenuka mtima kuli ndi mbali ziwiri, kufa kwa munthu wakale ndi kuuka kwa watsopano, ndipo mbali yachiwiriyi amaifotokoza kuti ndi chimwemwe cha mumtima mwa Mulungu kudzera mwa Khristu, mfundo imene ambiri amaiiwala poganiza kuti kulapa ndi nkhope yachisoni yokha. Katekisimu Wamfupi wa Westminster wa mu 1647 amaika pamodzi kuzindikira tchimo ndi kuzindikira chifundo cha Mulungu mwa Khristu. Mikangano ya pakati pa mipingoyi, makamaka pa udindo wa wansembe ndi pa ntchito zokonza, ndi yeniyeni ndipo sinathe, koma palibe mbali imene imaphunzitsa kuti munthu amene akuulula tchimo uku akukonza zokalichitanso walapa.

Nanga amene amagwa m'tchimo lomwelo mobwerezabwereza? Funso limeneli limasautsa anthu oona mtima kuposa achinyengo. Pali kusiyana pakati pa munthu amene wagwa akulimbana ndi amene wasiya dala khomo lotsegula. Wachiwiriyu amapepesa koma safufuta nambala ya foni ya munthu amene amachimwa naye, sasintha njira imene imadutsa pamalo amene amagwerapo, ndipo sauza aliyense amene angamamufunse mafunso ovuta. Woyambayo amadana ndi tchimo lake ngakhale pamene lamugonjetsa, ndipo amachitapo kanthu. Yakobo 5:16 amalimbikitsa okhulupirira kuululirana machimo ndi kupemphererana, chifukwa zizolowezi zambiri zimakula bwino pamene palibe wina akudziwa. Paulo akuwonjezera kuti kungosiya sikukwanira, pakuti wakuba asabenso, koma agwire ntchito ndi manja ake kuti akhale ndi kanthu kogawira osowa (Aefeso 4:28). Ndipo kwa amene akuda nkhawa kuti chisoni chake n'chochepa, yankho lake n'lakuti 1 Yohane 1:9 amakhazikitsa chikhululukiro pa kukhulupirika ndi chilungamo cha Mulungu, choncho abwere ndi chisoni chochepacho, aulule ngakhale kuuma mtima kwakeko.

Tisaganizenso kuti kulapa ndi kwa anthu a kunja kwa mpingo okha. Mwa mipingo 7 imene inalandira makalata mu Chivumbulutso 2 ndi 3, mipingo 5 inauzidwa kuti ilape, ndipo wa ku Efeso unali wolimbikira ntchito ndi wosamala chiphunzitso, koma unali utataya chikondi chake choyamba. Mfarisi wa mu Luka 18 ankasala kudya kawiri pa sabata ndi kupereka chakhumi cha zonse zimene ankapeza, ndipo palibe chosonyeza kuti ankanama, komabe amene anabwerera kwawo wolungamitsidwa ndi wokhometsa msonkho uja amene anaima patali, osayerekeza n'komwe kuyang'ana kumwamba. Machimo a anthu aulemu, monga kunyada, kuumira mtima osauka ndi kunyoza ochimwa, ndiwo ovuta kuwalapa, chifukwa palibe amene amamugwira nawo munthu.

Kulapa kwa munthu mmodzi kumaikanso udindo pa mpingo wonse. Mu 2 Akorinto 2:6-8 Paulo akunena za munthu amene analangidwa ndi mpingo, ndipo akuti chilangocho chakwana, tsopano amukhululukire, amutonthoze ndi kumutsimikizira chikondi chawo, kuopa kuti angamizidwe ndi chisoni chopitirira. Nkhani imeneyi inayesa mpingo kwambiri m'chaka cha 250, pamene Mfumu Decius ya ku Roma inalamula anthu a mu ufumu wake kupereka nsembe kwa milungu ndi kulandira chikalata chochitira umboni. Akhristu ambiri anagonja, ena anapereka nsembezo, ena anapeza zikalatazo mwa njira zina osapereka nsembe, ndipo chizunzo chitachepa anabwerera kudzapempha kuti alandiridwenso. Panali ofuna kuwalandira msangamsanga popanda kuyesa mitima yawo, ndipo panali Novatian wa ku Roma ndi omutsatira, amene anati mpingo ulibe mphamvu yolandiranso munthu amene anakana Khristu. Cyprian, bishopu wa ku Carthage, pamodzi ndi mabishopu anzake amene anasonkhana mu 251, anadutsa pakati, nagamula kuti mlandu wa aliyense uyesedwe pawokha, akugwawo aonetse kulapa kwa nthawi yolingana ndi kukula kwa kugwa kwawo, koma asasiyidwe opanda chiyembekezo. Gulu la Novatian linapatuka n'kukhalapo kwa zaka zambiri, ndipo pamene Msonkhano wa ku Nicaea mu 325 unakambirana za atsogoleri ake ofuna kubwerera mu mpingo, unawaikira lamulo loti alonjeze molemba kuti adzayanjana ndi anthu amene anagwa pa nthawi ya chizunzo n'kupatsidwa nthawi yolapa.